Thanki ya Miyala Isakutsekere Njira

Kwathu kuno kwa Chulu,
Lachisanu madzulo.

Tamanda mwana wanga,

Ndafika kunyumba ndapeza sutikesi yako ili pomwe ndinaisiya Lolemba, yotsegula, mulibe ngakhale kampango. Iwe wathawira kuchigayo ndi chimanga chimene sitikuchifuna sabata ino n'komwe. Ndadziwa kuti ukuthawa pakamwa panga, ndipo sindikukudzudzula, chifukwa ine ndikayamba kulankhula mnzanga sapeza polowera. Ndiye ndati ndilembe. Pepala sililalata. Uliwerenge lonse mpaka pansi, usachite ngati amako amene amawerenga mzere woyamba n'kuyamba kuyankha.

Nkhani ndi imodzi basi. Kalata ya ku yunivesite ikuti ukhale utafika Lolemba masana asanakwane, kupanda apo malo ako apatsa wina. Iwe wandiuza kawiri, maso ali gwa, kuti chaka chino supita chifukwa ukachoka thanki yathu ya miyala ifa, ndipo ana a pamudzi pano abwerera kumadzi a m'dambo. Pa chinthu chimodzi ukunena zoona: thanki ija ikakhala masiku osathiridwa madzi imafadi, ndipo ine kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu ndimakhala ku boma kuntchito. Koma zoti usapite kusukulu, ayi. Ndinakubereka ndili Fomu 3. Ndinakusiya kwa akulu anga, amayi ako aakulu, uli ndi mano awiri, n'kubwerera m'kalasi kukakhala ndi ana oti ankandiseka mkaka ukadonthera pa yunifolomu. Sindinachite zimenezo kuti mwana wanga akasankhidwa ku yunivesite asanduke mlonda wa mchenga.

Mawa ukukwera basi. Koma ndisanakuuze chifukwa chimene ukwerere mtima uli m'malo, ndikufuna umve zimene ndalakwitsa pa thanki imeneyi, chimodzichimodzi. Ukupita kukaphunzira za madzi ngati ine. Mutu wanga unatengera, liuma langa unatengeranso. Phuma lokha ndi limene sunatengere, koma usadzitame msanga, phuma limabwera ndi digiri.

Choyamba ndinachichita sabata yomwe ndinafika kuno ndi digiriyo. Iwe unali Sitandade 6. Mjigo wa pamudzi unali utafa kalekale, ndipo anthu ankatunga pachitsime cha m'dambo, chija madzi ake amaoneka ngati tiyi wamkaka. Ine yankho ndinali nalo m'chikwama, lojambulidwa bwinobwino: thanki ya njerwa ndi simenti, pansi miyala ikuluikulu, pamwamba pake timiyala, kenako mchenga wokhakhala, pamwamba penipeni mchenga wosalala. Uthira madzi a m'chitsime pamwamba, amatsika pang'onopang'ono kudutsa zonsezo, n'kutulukira pa paipi ali mbee. Ndinkadziona ngati ndabwera ndi mvula m'thumba. Ndinaitanitsa msonkhano Lachiwiri m'mawa pasukulu, osafunsa munthu aliyense. Tsiku limenelo ndi limene ankalemba mayina a makuponi a feteleza kubwalo. Mudzi wonse unali kumeneko kuyambira m'mamawa, odwala omwe anawakweza panjinga. Kumsonkhano wanga kunabwera anthu atatu: iwe, amayi ako aakulu amene anabwera chifukwa cha chibale, ndi bambo wina wosamva bwino amene ankayesa kuti makuponi akulembera pamenepo. Ndinawerengabe pepala langa lonse, theka lake m'Chingerezi. Madzulo ndinazungulira mudzi kudandaula kuti anthu a kuno akonda feteleza kuposa moyo wa ana awo. Mayi wina anandiyankha ali pamtondo, osatembenuka n'komwe: "A Digiri, ana athuwo madzi okhawo akhuta?" Dzina lija linayambira pomwepo, ndipo ukudziwa kuti silinachoke. Tamanda, kulikonse kumene ukapite, uyambe wafunsa kuti mwezi uno anthu mitima yawo ili pa chiyani. Mlimi wa fodya ali ndi mwezi wa nazale, mwezi wowokera, mwezi wothyola ndi kusoka, mwezi wodikira galimoto ya mabelo. Ukafuna akumvere, upeze kampata pakati pa zimenezo. Sangasiye munda chifukwa choti iwe unajambulitsa utavala gauni.

Chachiwiri ndi cha miyala, ndipo ndi pamene amake Esinati analowera m'moyo wathu. Iwe umawadziwa ngati mayi a mnzako, matenanti a pa esiteti ya kuseri kwa dambo, koma sukudziwa momwe ndinawalandirira. Thanki titamanga, ndinafuna kuidzaza tsiku lomwelo. Ndinatuma ngolo kukatapa mchenga ndi timiyala tofiira m'mphepete mwa dambo, pomwe ng'ombe zimamwera, chifukwa panali pafupi. Tili m'kati mothira, panadutsa mayi wamfupi, ndowa kumutu, mwana kumbuyo. Anaima, anatola kamwala kamodzi n'kukafinya ndi zala. Kanaphwanyika ngati chigumu. "Pepani mayi," anatero ndi kalankhulidwe kawo ka ku Phalombe, "miyala iyi ndi yowola, m'madzi isungunuka. Yabwino ndi ya kuphiri, yoswa ndi hamala. Kwathu ndinkaswa miyala tisanabwere ku fodya." Ndinawayang'ana kuyambira kuzidendene zong'ambika mpaka kumutu, n'kufunsa kuti, "Za madzi munaphunzira kuti?" Iwo anati, "Sindinaphunzire mayi, ndimangomwa." Anthu anaseka, iwo anapitirira ulendo wawo. Sabata yathunthu paipi inkatulutsa madzi ofiira kuposa a m'chitsime, onunkha ndowe. Tinakhuthula zonse ndi manja. Ndinapita ndekha kunyumba za matenanti kukawafuna, ndipo ndikukuuza mosabisa kuti sindinapepese. Ndinangoti, "Bwerani mundionetse phiri lanulo." Anabwera. Inali nyengo yoti fodya wapita kale kumsika, ndiye anakhala masabata atatu pathanthwe la kaphiri ka kumadzulo kaja, kuswa miyala yotuwa, kuisankha kukula kwake ndi waya wa mabowo, iwe ukutsuka mchenga m'beseni mobwerezabwereza mpaka madzi ake atayera. Miyala imene ili m'thankimo mpaka lero, uliwonse unadutsa m'manja mwawo. Kumene ukupitako ukapeza anthu osesa, ophika, okumba ngalande. Wina mwa iwo akakakuuza kuti chinthu ichi n'chowola, uyambe wachifinya ndi zala zako usanafunse satifiketi yake.

Chachitatu ndikuopa kuchilemba, koma ndichilemba. Mabuku onse amene ndinawerenga amanena chimodzimodzi: thanki yatsopano sumwa madzi ake msanga. Pamwamba pa mchenga pamayenera kumera kaye ndere zoterera, zamoyo, zimene zimadya tizilombo toyambitsa matenda. Miyala ndi mchenga zimagwira matope, koma chimene chimateteza kwambiri mimba ya mwana ndi ndere zimenezo, ndipo zimatenga pafupifupi mwezi ukuthira madzi tsiku ndi tsiku. Ndinkadziwa. Ndinalembapo mayeso n'kukhoza. Koma tsiku lachinayi madzi anatuluka oyera ngati a m'botolo la m'sitolo, ndipo anthu aja ankandiseka anali ataima mozungulira, manja m'chiuno. Wina anati, "Kuyera ayera, koma a Digiri amwa?" Ndinatunga kapu, ndinamwa theka, theka ndinakupatsa iwe kuti aone kuti ndikumwetsa ngakhale mwana wanga. Unamwa chifukwa ndinali amako. Kunyumba kwathu madzi tinkawiritsa nthawi zonse, koma tsiku limenelo ndinadzaza mtsuko osawiritsa, kuti pasapezeke wonena kuti ndikukayikira ntchito yanga. Patapita masiku awiri unayamba kutsegula m'mimba ndi kusanza. Maso analowa m'kati, khungu la pamimba ndikalitsina silinkabwerera. Ndinakumangirira kumbuyo ndi chitenje ngati khanda, mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri, miyendo ikulendewera, pa kabaza mpaka kuchipatala. Anamwino akukuika diripi anafunsa kuti madzi mumamwa a kuti. Ndinati a m'dambo. Ndinanama, Tamanda, iwe uli chigonere pamenepo, chifukwa ndinaopa kuti thanki iipa mbiri. Masiku atatu ndinakhala pambali pa bedi lako. Mpaka lero sunandifunsepo, koma ndikudziwa kuti ukudziwa. Ndalemba apa kuti ukhale nazo papepala: ndinakudwalitsa ndine, chifukwa sindinafune kudikira masabata atatu anthu akundiyang'ana. Madzi kuyera m'maso sikutanthauza kuti apsa. Ukadzapanga chinthu, chikaoneka ngati chatheka, anthu ataima mozungulira, pamenepo ndi pamene uzikhala pansi n'kudikira masiku ake akwane. Ndipo usadzayesere nzeru zako pa munthu amene sangakukanire.

Chachinayi tsopano chimandiseketsa, koma tsiku lake ndinalira ndi ukali. Thanki inali itagwira ntchito chaka ndi miyezi. Amayi a pamudzi anali atayamba kunena okha kuti ana sakudwala m'mimba ngati kale, ndipo a midzi ina ankabwera kudzasuzumira. Ndiye ku mpingo kwathu kunali kubwera alendo, amayi a mipingo ina, ndipo ukudziwa momwe amayi ako aakulu amachitira alendo akamabwera: amazira ngakhale khola la nkhuku. Ine ndili ku boma, iwo anatsegula chivundikiro cha thanki, anaona ndere pamwamba pa mchenga, anagwira pakamwa. Alendo adzaone zimenezi? Anaitana anzawo. Anakokolola ndere zonse, anatulutsa mchenga ndi miyala, anakwecha ndi sopo ndi phulusa, n'kuyanika pathandala ngati mbale. Ndinafika Lachisanu ndinapeza miyala ikunyezimira padzuwa, eni ake atakhala pakhonde kudikira kuti ndiwathokoze. Zonse zimene ndinalankhula sindizilemba. Ndinawanena kuti mbuli, akulu anga amene anandilerera iwe ine ndili kusukulu, pamaso pa amayi a mpingo. Koma wolakwa anali ndani? Nthawi yonseyo sindinafotokozerepo munthu za ndere. Ndinkangoti, "Musamatsegule," chifukwa ndinkaganiza kuti za tizilombo tosaoneka sangazimve. Amene anakonza nkhani ndi iwe, uli Sitandade 8. Unakhala pansi pafupi nawo n'kufunsa kuti, "Amayi aakulu, mphika wanu wa chambiko uja mumaukwecha ndi sopo?" Iwo anati, "Iwe, ndiphe chambiko changa? Mkaka wake sungagwire." Iwe unati, "Thankiyi ndi chimodzimodzi. Zoterera zija ndi zimene zimagwira ntchito." Iwo anati, "Nanga amakowa osangonena choncho bwanji?" Zaka zinayi za ku yunivesite ine mawu amenewo sindinawapeze, iwe unawapeza m'khitchini. Tsiku limenelo ndinadziwa kuti udzandipitirira, ndipo ndinachita kansanje pang'ono ndisanayambe kunyadira. Mudzi wonse unawiritsa madzi mwezi wina wathunthu, nkhuni zili zosowa chonchi, kudikira kuti ndere zimerenso. Usadzabise chifukwa, mwana wanga. Munthu ukamuuza kuti usachite, osamuuza chifukwa chake, adzachita tsiku limene akufuna kukusangalatsa.

Ndisanafike pa chomaliza, timawu ta panjira, poti m'mawa ndidzaiwala ndi kuthamangathamanga. Madzi a ku hositelo usawakhulupirire chifukwa choti akutuluka pa mpopi wa m'tauni, ufunse kumene akuchokera. Chigubu chako chizikhala chotseka, ndipo usamaviikemo kapu ndi dzanja, madzi abwino ambiri amaipira m'nyumba. M'kalasi uzikhala kutsogolo. Pali funso limene ine landikanika, ndipo ndikukutuma nalo: miyala yathu imagwira matope ndi tizilombo, koma mankhwala opopera fodya ndi feteleza wosungunuka amene amalowa pansi amadutsa osaima. Pano tazunguliridwa ndi minda ya fodya mbali zonse. Ukawafunse aphunzitsi ako mpaka atope nawe, akatopa ukafunse ena. Ine ndikufuna thanki m'mudzi uliwonse kuyambira kuno mpaka kwa Mwase, ndipo ndikuzifuna ndisanachite imvi, koma ndikufuna zabwino kuposa iyi. Anyamata adzakuuza kuti ndiwe wokongola. Akunena zoona, uwathokoze, uzipita. Ine ndinaima kumvetsera ndili Fomu 3. Sindidandaula, chifukwa ndinapeza iwe, koma njira ija ndi yaitali, ndipo pabanja pano yakwanira kuti waiyenda munthu m'modzi. Kutchalitchi uzipita ngakhale kopanda wokuona. Ukadzabwera pa holide usadzalankhule Chingerezi kwa amayi ako aakulu, cha ine chinawakwana.

Tsopano chachisanu, chimene chakuchititsa kuti usalongedze. Ichi sindingachiike m'gulu la zakale, chifukwa chachitika mwezi wathawu, ndili wamkulu woti ndinayenera kukhala nditaphunzira. Dzuwa la chaka chino waliona, chitsime chatsika mpaka tikutunga ndi chingwe cholumikiza. Loweruka lija m'mawa ndinapeza amake Esinati pa paipi ya thanki akudzaza makeni awiri, n'kulunjika nawo ku nazale ya abwana awo. Madzi osefa, kukathirira fodya. Ndinapsa mtima osaonanso kutsogolo. Sindinafunse kanthu. Ndinakuwa mpaka anthu anatuluka m'nyumba. Ndinati akuba madzi a ana. Ndinati thanki iyi si ya matenanti, anthu obwera oti chaka chamawa adzakhala atasamukira ku esiteti ina. Iwo anatsitsa makeni n'kungoti, "Chabwino mayi." Masana omwewo ndinaika chitseko cha malata pa kampanda ka thanki, ndi loko, kiyi m'modzi ndinakupatsa iwe.

Unandiuza tsiku lomwelo, ndipo ndinamva, kungoti ndinachita ngati sindinamve. Unati zaka zonsezi, ine ndili ku boma, iwe ukuthamangira kusukulu, amene ankathira madzi m'thanki m'mawa uliwonse ndi amake Esinati. Nyengo ya nazale amayi a pamudzi amadzukira ku mbande zawo, zigubu amangozisiya pamzere, woganiza za thanki sapezeka. Iwo ankatunga m'chitsime n'kuthira pamwamba kuti ndere zisafe ndi njala, ndipo ukathira pamwamba, pansi amatuluka. Ankadzaza zigubu zonse za eni ake, otsalawo m'malo moti atayike pansi ankapita nawo ku nazale. Ndiye kuti thanki imene ndakhala ndikuonetsa alendo ngati ntchito ya manja anga yakhala yamoyo chifukwa cha mayi amene ndinamunena kuti wakuba. Ndinakuyankha kuti, "Akanandiuza." Iwe unati, "Amayi, munawafunsa?" n'kutuluka panja.

Kuyambira pamenepo wakhala ukuthira wekha m'mawa uliwonse, mpaka m'manja mwatuluka matuza. Ndipo ndikudziwanso china chimene ukuyesa kuti sindikudziwa. Amayi ako aakulu andiuza kuti tsiku lililonse umasenza chigubu cha madzi osefa, kuzembera kuseri kwa zigafa kuti ndisamve, kukasiya pakhomo pa amake Esinati chifukwa cha kamdzukulu kawo kakhanda kaja. Pondiuza ankayesa kuti ndikalipa. Ndinangolowa m'chipinda n'kukhala pabedi. Mwana wanga wandibisira mwezi wathunthu kuti achite chabwino chimene amake analetsa. Sindinanyadirepo chonchi, ngakhale tsiku lija dzina lako linatuluka pa osankhidwa, ine n'kuthamanga mudzi wonse wopanda nsapato foni ili m'mwamba. Koma chigubu chimodzi sichikwanira nyumba zonse za ku esiteti. Enawo abwerera kuchitsime, ndi ana awo, chifukwa cha pakamwa panga. Ndipo iwe waona kuti ukachoka palibe wothira, chifukwa wothirayo ndinamuthamangitsa ndine.

Ndiye imva zimene ndachita lero. Ndapempha kuweruka masana. Ndatsika kabaza osafika kunyumba, ndalunjika ku nazale ya ku esiteti ndi nsapato za kuofesi zomwe. Ndawapeza akuthirira, iwo, amuna awo ndi Esinati. Ndagwada pakati pa mabedi a mbande, m'matope momwemo. Ndati, "Amake Esinati, ndabwera kudzapepesa." Kuthirira sanasiye. Ati, "Mwagwadira mbande za abwana, a Digiri, tasunthani." Ndasuntha, ndanenanso. Ati, "Dzuwa likupita ndipo kwatsala mabedi anayi. Ine nkhani ndimamva bwino manja akapuma." Esinati wandipatsa keni akudziluma milomo kuti asaseke. Tamanda, keni yodzaza ndi yolemera kuposa momwe imaonekera ili m'manja mwa wina. Ndatunga, ndathirira, kupita ndi kubwera, siketi yonse matope okhaokha, amuna awo akundilangiza kumbuyo kuti, "Pang'onopang'ono mayi, simukuzimitsa moto." Matenanti ena asiya ntchito kudzaonerera. Wina wafunsa ngati ku boma ntchito yatha.

Titamaliza takhala pansi pa mtengo wa mango. Ati, "Tsopano nenani." Ndanena zonse, kuyambira pa miyala yowola ija, chifukwa ngakhale za nthawi imeneyo ndinali ndisanapepese. Amvetsera akupukuta manja pachitenje. Ndawauzanso kuti iwe ukukana kupita kusukulu. Pamenepo mpamene nkhope yawo yasintha. Ati, "Mwanayo wapenga? Asiye sukulu chifukwa cha mchenga?" Ndatulutsa kiyi wanga kuti ndiwapatse. Sanamugwire. Ati, "Kiyi ameneyo mukufuna kuti mawa wokaniza anzanga ndikhale ine? Loko achoke, ndi chitseko chomwe. Chachiwiri, munandinena wakuba mudzi wonse ukumva. Kupepesa kwa pansi pa mango pano wamva ndi Esinati ndi mbuzi iyo. Lamulungu mukatuluka m'tchalitchi mwanu, anthu asanabalalike, mukanenere pamenepo. Ine ndine wa Katolika koma ndibwera, ndikaima pamsewu." Ndati ndavomera. Ati, "Musavomere msanga, mumafulumira inu. Chachitatu, ine ndine wobwera, munanena nokha ndipo simuname. Chaka china abwana akatichotsa tidzanyamuka. Mundipezere amayi atatu a pamudzi ndiwaphunzitse, tizisinthana masiku. Thanki yodalira munthu m'modzi ndi imeneyi yatsala pang'ono kudya sukulu ya mwana." Ine ndi maphunziro anga onse, zaka zonsezi, zimenezo sindinaziganizepo. Ndipo pobwerera ndadziwa chifukwa chake: pansi pa mtima ndinkakonda kuti thanki izidalira ine ndi mwana wanga, kuti anthu akamamwa azitchula ife.

Chitseko ndazula ndekha, loko ali lende pomwepo, chili kuseri kwa bafa, ukachione. Ndadutsira kwa amayi ako aakulu, avomera kukhala oyamba kuphunzira, angoti amake Esinati asawakalipire ngati momwe ndimachitira ine. Awiri enawo apeza okha pofika Lamulungu, akuti ine ndikapita kukawapempha akana.

Uone tsono, mwana wanga. Iwenso watsala pang'ono kugwa m'dzenje lomwelo, kungoti iwe ukugweramo ndi mtima wabwino. Ukuganiza kuti popanda iwe palibe chingayende. Ndi maganizo okoma kwambiri amenewo, ndawalawa zaka zambiri, koma ndi amene amapha ntchito. Chinthu chimene chimafa mwini wake akakwera basi ndiye kuti sichinamangidwe bwino. Wagwira ntchito yako pa thanki ija kuposa momwe mwana aliyense akanachitira. Isiye m'manja mwa anthu, upite ukatenge nzeru zimene ine ndi amake Esinati tilibe.

Sindikukupempha kuti ukhulupirire mawu anga, mwezi uno sindinakupatse chifukwa chowakhulupirira. Mawa m'mawa pita ku thanki nthawi yako yomwe ija, koma ndowa usanyamule. Ukapeza palibe munthu, bwerera, ndipo za basi sinditchulanso. Ndikunena zimenezi mopanda mantha, chifukwa mayi amene aja zaka zonsezi sanajombepo, popanda wowathokoza. Ukawapeza akuthira, amayi ako aakulu ataima pambali akuphunzira, uwapatse moni, utsanzike bwinobwino utagwada, ubwere udzavale. Wakabaza ndamuuza afike dzuwa likangokwera pang'ono, ndipo basi ya ku boma siyembekeza munthu.

Lamulungu, nthawi imene iwe udzakhale ukufunafuna chipinda chako pakati pa anthu osawadziwa, amako adzakhala ataima pakhomo pa tchalitchi, mudzi wonse ukumva, matenanti ali pamsewu, akunena kuti analakwa. Usandiimbire foni m'mawa kuti undilimbitse mtima, ndingalire nthawi isanakwane. Undiimbire masana ake. Iwe undiuze nambala ya chipinda chako, ine ndikuuze ngati mawu anatuluka.

Ndine amako,
okunyadira mpaka anthu atopa nawo,
NaPhiri.